Ntchito yofalitsa oyimba ndi kulemba za nyimbo za country: poyambira ndi pano

Sabata yathayi ndalandiranso uthenga womwe uja pa WhatsApp, ulendo uno kuchokera kwa mwana wa msuweni wanga: "Ankolo, Dolly Parton ndimamukonda, Chingerezi ndimalemba bwino, ndiye ntchito yanuyo ndingailowe bwanji?" Funso limeneli ndaliyankha kambirimbiri, mpaka mmero kuuma ndi mauthenga a mawu a mphindi khumi omwe sindikhulupirira kuti amamvedwa mpaka kumapeto. Ndiye ndalemba kamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano.

Ndinakulira m'nyumba momwe Lamlungu masana, tikabwerako kutchalitchi, bambo ankaika kaseti ya Jim Reeves kapena Don Williams, wina aliyense n'kukhala chete. Ambiri a inu munakulanso chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake mumaganiza kuti ntchitoyi mukuidziwa kale. Ine ndinayamba ndi kulemba za nyimbozi ndili kumudzi, pambuyo pake ndinagwirako mu kakampani kakang'ono kofalitsa oyimba ku Nashville, m'chigawo cha Tennessee ku America, komwe ndi kuchimake kwa malonda a country. Kukonda nyimbo palibe amene amakulipirira. Amene amalipidwa ndi munthu wotha kupeza nkhani mwa woyimba, n'kuipereka kwa munthu woyenera pa tsiku loyenera. Zonse zili m'munsimu zikuzungulira pamenepo.

1. Siyanitsani ntchito zitatu zimene anthu amaziphatikiza

Publicist amalipidwa ndi woyimba kapena kampani yake yojambula nyimbo. Ntchito yake ndi kuti woyimbayo alembedwe m'nyuzipepala, acheze ndi atolankhani, aoneke pa TV ndi m'mapodikasiti, komanso kuzimitsa moto woyimbayo akalankhula zopusa pagulu. Mtolankhani amalipidwa ndi mkonzi, ndipo bwana wake weniweni ndi owerenga. Awiriwa amadyera mbale imodzi tsiku ndi tsiku koma sali mbali imodzi.

Yachitatu ndi imene imasokoneza alendo: radio promotion. Awa ndi anthu amene amaimbira mafoni akuluakulu a mawailesi kuti nyimbo ilowe pa ndandanda yoseweredwa, n'kumatsatira momwe ikukwerera pa tchati cha Billboard Country Airplay ndi cha Mediabase. Ku country wailesi idakali ndi mphamvu kuposa ku mitundu ina yambiri ya nyimbo, ndipo nyimbo imodzi imatha kukwawa miyezi yambiri isanafike pa nambala wani. Ndi dipatimenti yakeyake. Mukalemba m'kalata yofunsira ntchito ya publicist kuti "ndidzaonetsetsa kuti nyimbo zanu zikuseweredwa pa wailesi", owerenga kalatayo adziwiratu kuti simunafunse.

Sankhani imodzi. Mutha kudzasintha mtsogolo, ndipo atolankhani ambiri amathera ku publicity chifukwa kumeneko malipiro amabwera mwezi ndi mwezi. Koma musakwere ngolo ziwiri nthawi imodzi.

2. Phunzirani tawuniyo ngati mudzafunsidwa mayeso, chifukwa mudzafunsidwadi

Music Row si msewu umodzi wautali wa magetsi othwanima. Ndi dera lozungulira 16th Avenue South ndi 17th Avenue South, komwe kuli makampani a nyimbo a mu Nashville, maofesi ena ali m'nyumba zakale zogona anthu, moti mutha kudutsa osadziwa kuti mkatimo mukulembedwa nyimbo. Malo a phokoso ndi mowa amene mumawaona pa YouTube ndi Lower Broadway, ndipo kumeneko n'kwa alendo odzacheza. Grand Ole Opry ndi pulogalamu ya pa wailesi ya WSM yomwe inayamba mu 1925. Inakhala ku Ryman Auditorium kuyambira 1943 mpaka 1974, kenako inasamukira ku Opry House. Mtolankhani wolemba ngati kuti Ryman ndi Opry House ndi nyumba imodzi amasekedwa mwakachetechete, ndipo palibe amene amamuuza.

CMA ndi ACM ndi mabungwe awiri osiyana. Country Music Association inakhazikitsidwa mu 1958, mphoto zake zinayamba mu 1967 ndipo zimaperekedwa chakumapeto kwa chaka, kawirikawiri mu November. Academy of Country Music inayambira ku Los Angeles mu 1964, mphoto zake zimakhala m'miyezi yoyambirira ya chaka, cha mu April kapena May.

Koma chimene ife ochokera kwathu kuno timaphonya kwambiri ndi ichi: Nashville ndi tawuni ya olemba nyimbo. Kwathu tinazolowera kuti woyimba ndiye mwini nyimbo. Kumeneko kuli anthu amene amapita ku ofesi m'mawa, awiri kapena atatu m'chipinda, kukalemba nyimbo zoti ena adzaimbe. Willie Nelson ankalembera ena asanatchuke ndi mawu ake. Chris Stapleton anakhala zaka zambiri akulembera anzake dziko lisanamudziwe mu 2015. Nyimbo yotchuka ija ya Whitney Houston ya mu 1992, I Will Always Love You, analemba ndi Dolly Parton, ndipo anali ataiimba kale yekha mu 1974. Choncho musanalembe kuti "mu nyimboyi woyimbayu akutiuza za bambo ake", onani kaye mayina a olemba. Mwina bambo akunenedwawo ndi a munthu wina. Mabungwe otolera ndalama za olembawa ndi ASCAP, BMI ndi SESAC, omwe ntchito yawo ikufananako ndi ya COSOMA ku Malawi. Nyimbo ikafika pa nambala wani pamachitika phwando lotchedwa No. 1 party, ndipo olemekezeka pa tsikulo ndi olembawo. Writers' round ndi pamene olemba atatu kapena anayi amakhala pamzere kapena mozungulira ndi magitala, n'kumaimba mosinthana, aliyense akufotokoza momwe nyimbo yake inabadwira. Malo otchuka pa zimenezi ndi Bluebird Cafe, kachipinda ka anthu pafupifupi 90 komwe anthu amakutontholetsani mukayamba kucheza wina akuimba.

Ndipo poti ndife anthu akuda, phunziraninso mbiri yathu m'nyimbozi, chifukwa mudzafunsidwa kuti mukufuna chiyani kuno. Banjo inachokera ku zoimbira za akapolo ochokera ku Africa. DeFord Bailey anali katswiri wa Opry kuyambira zaka za m'ma 1920 mpaka pamene anachotsedwa mu 1941. Linda Martell anaimba pa Opry mu 1969. Nyimbo zoyamba za Charley Pride zinatumizidwa ku mawailesi popanda chithunzi chake, kuti anthu ayambe akonda mawu asanaone khungu, ndipo mu 1971 anatenga mphoto yaikulu ya CMA. Zimenezo zinali nzeru za ofalitsa. Ziganizireni bwino, chifukwa ntchito imene mukuifunayi ndi yosankha chimene anthu aone ndi chimene asaone.

3. Werengani mayina a olemba, osati mitu ya nkhani yokha

Kwa miyezi itatu, werengani tsiku lililonse MusicRow, Billboard, Country Aircheck, The Tennessean, Nashville Scene, Rolling Stone, Taste of Country, No Depression ndi Saving Country Music. Tsegulani tebulo pa kompyuta. Lembani dzina la wolemba, komwe amalemba, zimene amakonda, zimene zimamunyansa, ndi tsiku limene analemba komaliza. Mudzaona kuti MusicRow ndi Country Aircheck amalembera anthu a m'malondamo, za amene wasaina kontrakiti ndi amene wakwezedwa pa ntchito. No Depression amakonda zoimba za mizu, zimene amazitcha Americana. Ena amafuna nkhani za maukwati ndi makanda a oyimba. Tebulo limeneli ndiye khasu lanu, kaya mudzakhala publicist kaya mtolankhani. Ndandanda zogula pa intaneti zimakhala zodzaza ndi anthu amene anachoka pa ntchito kalekale.

4. Yambani kulemba musanapatsidwe chilolezo

Mkonzi aliyense amafunsa zimene munalembapo kale. Tsegulani tsamba lanu, lembani nkhani zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zabwino, osati makumi atatu zothamangira. Musayambe ndi kupereka maganizo pa chimbale cha Luke Combs kapena Lainey Wilson, chifukwa alipo kale mazana amene achita zimenezo ndipo ena anali naye mu situdiyo. Inu muli ndi chimene iwo alibe. Akonzi ambiri ku America sadziwa kuti m'minibasi za ku Lilongwe, Lusaka ndi Harare mumalira Kenny Rogers, kapena kuti Don Williams anafika ku Zimbabwe mu 1997 n'kulandiridwa ngati mfumu. Oyimba country aliponso kuno: ku Kenya kuli Sir Elvis, ku Eswatini kuli Dusty & Stones. Pitani mukacheze ndi mkulu amene wasunga malekodi a Jim Reeves zaka makumi anayi, mufunse kuti anawagula kuti, ndi ndalama zingati, ankamvera ndi ndani. Funsani oyimba nyimbo zauzimu za kwanu kuti kaimbidwe kawo ka gitala anakatengera kuti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amene muli ku Britain muli ndi mwayi winanso: chikondwerero cha C2C chimachitika ku O2 ku London mwezi wa March kuyambira 2013, ndipo oyimba a ku Nashville akakhala kunja amapezeka mosavuta kuposa kwawo.

5. Kupeza nkhani ndi kuigulitsa: apa ndi pamene ambiri amagwera

Malangizo ambiri amangoti "tumizani pitch" n'kudumphira kwina, ngati kuti ndi kutumiza moni. Pitch ndi kalata yaifupi ya pa imelo yokopa munthu kuti alembe nkhani. Publicist amatumiza kwa mtolankhani, mtolankhani woima payekha amatumiza kwa mkonzi. Luso lake ndi limodzi. Ndi yosiyana ndi press release, chikalata chouma chopita kwa anthu onse nthawi imodzi chonena kuti chakuti chituluka tsiku lakuti.

Vuto ndi lakuti "wakuti watulutsa nyimbo yatsopano" si nkhani. Kuyambira mu 2015 nyimbo zatsopano padziko lonse zimatuluka Lachisanu, ndiye Lachisanu lililonse mtolankhani amadzuka n'kupeza maimelo osawerengeka, onse akunena kuti woyimba wawo ndi wochokera m'tawuni yaing'ono, anayamba kuimba kutchalitchi, ndipo nyimbo zake n'zochokera pansi pa mtima. Onse. Mukalemba zomwezo mwalowa m'chigulu, ndipo chala chimafufuta osawerenga.

Nkhani imafukulidwa. Ndikupatseni chitsanzo cha mtsikana wina amene ndinapatsidwa kuti ndimufalitse, dzina ndisunga. Mbiri imene maneja wake ananditumizira inali ya chikombole chomwe chija. Ndinapempha kuti ndikacheze naye kwawo, osati ku ofesi. Tinakhala m'khitchini, iye akupinda zovala, ine ndikufunsa. Ola loyamba anandiyankha ngati akuwerenga: amakonda Patsy Cline, akuthokoza Mulungu, akuthokoza timu yake. Nditazimitsa chojambulira mawu n'kuyamba kumanga chikwama, anayang'ana wotchi n'kunena kuti ayenera kugona pang'ono chifukwa akulowa ntchito 7 koloko madzulo. Ndinafunsa kuti ntchito yanji. Anali namwino wa usiku pa nyumba yosamalira okalamba, ndipo theka la chimbalecho analilemba atakhala m'galimoto pamalo oimika magalimoto, m'bandakucha, asanayambe ulendo wobwerera kunyumba. Ankabisa chifukwa ankaopa kuti anthu aziti si woyimba weniweni. Ndinakhalanso pansi.

Ndiye mafunso anu asakhale a nyimbo zokha. Funsani kuti ndalama ya lendi imachokera kuti. Funsani nyimbo imene anatsala pang'ono kuichotsa pa chimbale, ndi amene anaikanira. Funsani amene anamuuza kuti asiye. Funsani zimene zinachitika tsiku lisanafike tsiku limene analemba nyimboyo. Kenako khalani chete, ngakhale chetecho chikuwawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaipeza nkhaniyo, pemphani chilolezo musanaigulitse, ndipo mufotokozereni mwini wake kuti ikangotuluka sibwereranso, adzafunsidwa za iyo zaka zikubwerazi. Mtsikana uja anandiyankha patatha masiku anayi, ndipo anaika malire: za ntchito yake inde, za odwala ake ayi. Malirewo ndinawalemba, ndipo mtolankhani aliyense ndinkamuuziratu.

Nthawi zina nkhani imakhala mawu amodzi. Hazel Smith anali wofalitsa pa situdiyo ya Tompall Glaser m'zaka za m'ma 1970, pamene wa pa wailesi wina anafunsa kuti nyimbo za Waylon Jennings ndi Willie Nelson azizitcha chiyani. Iye anati outlaw, kutanthauza wosamvera malamulo. Dzinalo linakakamira, ndipo chimbale cha mu 1976 chokhala ndi mawu amenewo pachikuto chinakhala choyamba cha country kupatsidwa ulemu wa platinum, wa makope miliyoni imodzi. Nyimbozo zinalipo kale. Chimene chinkasowa ndi chogwirira.

Tsopano kalembedwe kake. Mutu wa imelo ukhale nkhaniyo, osati dzina la woyimba wosadziwika: namwino wa usiku amene analemba chimbale m'galimoto. Mzere woyamba usonyeze chifukwa chimene mwasankhira munthu ameneyu, ndipo chikhale choona, monga kuti mwezi watha analemba za oyimba amene adakali pa ntchito zina. Osamunamiza kuti mumakonda zolemba zake zonse, amadziwa. Ndime yachiwiri ndi nkhaniyo, mizere itatu kapena inayi. Yachitatu ndi zofunikira: tsiku lotuluka, linki imodzi yomvera nyimbo yosafuna kulembetsa, olemba nyimbo, wojambula, ndi masiku amene woyimba angapezeke. Pomaliza nenani chimene mukupempha, kaya ndi kucheza naye, kaya ndi premiere, kutanthauza kuti tsamba lawo likhale loyamba kuonetsa nyimbo kapena vidiyoyo ena onse asanaione. Zonse zikwane pa sikirini ya foni popanda kutsitsa kawiri. Osamata mafayilo olemera. Zithunzi, mbiri ndi zina zonse zikhale pamalo amodzi otchedwa EPK, inu mungopereka linki.

Ife tinaleredwa kuti kalata imayamba ndi moni wautali, kufunsa za moyo, za kunyumba, kenako n'kupepesa chifukwa chosokoneza. Mwambo umenewo ndimaukonda, koma mu pitch umakuphani. Kumeneko amaitanana ndi dzina loyamba ngakhale munthu wa msinkhu wa agogo anu, ndipo "Dear Respected Sir" imaoneka ngati kalata ya akuba a pa intaneti. Zinanditengera chaka kuti dzanja langa lisiye kunjenjemera polemba dzina la mkulu lopanda "a" kutsogolo.

Mukatumiza, chimene chimabwera kawirikawiri ndi chete. Osati kukana, chete. Dikirani masiku anayi kapena asanu, kumbutsani kamodzi ndi mizere iwiri, makamaka ngati pali chatsopano choonjezera. Akakhalabe chete, pitani kwa wachiwiri pa ndandanda yanu. Osamutsatira ku Instagram, osamuimbira foni, osafunsa kuti mwalakwa chiyani. Pa nkhani ya namwino uja ndinalembera anthu khumi ndi anayi, mmodzimmodzi, kalata iliyonse yosiyana. Anayankha atatu, analemba awiri, ndipo bwana wanga anati sabata imeneyo yayenda bwino. Premiere musalonjeze anthu awiri nthawi imodzi poganiza kuti mmodzi akana. Akavomera onse, mwataya onse.

Mbali yowawa kwambiri ndi kubwerera kwa woyimba amene walipira ndalama zake n'kumuuza kuti magazini imene amailota sinayankhe. Publicist wabwino salonjeza kuti nkhani ituluka, amalonjeza ntchito imene agwire. Nenani zimenezi tsiku loyamba, musanalandire kalikonse, ndipo sabata iliyonse muzitumiza lipoti la amene mwawalembera ndi zimene ayankha, ngakhale lipotilo likhale lochititsa manyazi.

6. Kalendala ndi wotchi

Magazini osindikiza amafuna nkhani miyezi itatu kapena inayi chimbale chisanatuluke. Masamba a pa intaneti, masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi. Woyimba akakhala pa ulendo wa zoimbaimba pamakhala tour press, yomwe ndi kulembera nyuzipepala, mawailesi ndi ma TV a m'tawuni iliyonse imene akupita, masabata angapo asanafike. Imeneyi ndiyo ntchito imene amapatsa ongoyamba kumene, ndi yotopetsa, ndipo ndi sukulu yabwino kuposa ina iliyonse. Pewani kutulutsa nkhani ya woyimba wamng'ono sabata ya mphoto za CMA, kapena ya chikondwerero cha CMA Fest mu June, kapena ya msonkhano wa anthu a mawailesi wa Country Radio Seminar chakumayambiriro kwa chaka, pokhapokha ngati nkhaniyo ikukhudza zochitikazo. Chikondwerero cha AmericanaFest chimakhala mu September.

Embargo ndi pangano lakuti ndakupatsiratu nkhani kuti ukonzekere, koma usaitulutse nthawi yakuti isanakwane. Apa ndinapsapo. Nashville ili pa Central Time, New York ili pa Eastern Time, ndipo New York imatsogola ndi ola limodzi. Ndili mtolankhani ndinalandira nkhani yolembedwa kuti 10 a.m. CT, maso anga n'kuwerenga ET. Ndinaitulutsa ola lathunthu nthawi isanakwane, tsamba lina lalikulu litalonjezedwa kuti likhala loyamba. Foni inalira pasanathe mphindi zisanu. Ndinaichotsa, ndinapepesa, koma ofesi imeneyo inakhala pafupifupi chaka osanditumizira kanthu. Ngati muli ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe, muli patsogolo pa Nashville ndi maola 7 kuyambira pakati pa March mpaka kumayambiriro kwa November, ndi maola 8 miyezi yotsalayo, chifukwa iwo amasintha mawotchi ife sitisintha. Ikani mawotchi onse atatu pa foni.

7. Khomo lolowera, ndi nkhani ya mapepala

Ambiri amene ali m'maofesi a ku Music Row analowa ngati ophunzira ntchito ali pa koleji, makamaka kuchokera ku Belmont University mu Nashville momwemo ndi Middle Tennessee State University ku Murfreesboro. Digiri ya utolankhani kapena ya zofalitsa nkhani imathandiza, koma chimene masukulu amenewa amagulitsa kwenikweni ndi kuyandikira. Malo antchito ali m'makampani akuluakulu a Sony, Universal ndi Warner, m'makampani ngati Big Machine, Big Loud ndi Curb, m'timakampani ta publicity toima patokha, komanso ku malo ngati Opry, Ryman ndi Country Music Hall of Fame, omwe nawonso ali ndi owafalitsa. Ntchito yoyamba imakhala ya wothandizira: kusonkhanitsa nkhani zimene zatuluka, kukonza ndandanda ya alendo, kusungitsa galimoto. Anthu a kumeneko amati Nashville ndi tawuni ya zaka khumi. Amanenera oyimba, koma ndaona kuti n'chimodzimodzi kwa ife.

Viza ya alendo silola kugwira ntchito, ngakhale yongothandiza mu ofesi. Wophunzira wa viza ya F-1 amagwira ntchito yokhudza maphunziro ake kudzera mu chilolezo cha CPT ali pa sukulu, ndi OPT kwa miyezi 12 akamaliza. Atolankhani otumidwa ndi nyumba zofalitsa nkhani za kunja ali ndi viza yawoyawo ya I. Mu August 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa a Malawi ndi a Zambia ofuna viza ya alendo, ndipo malamulowa akhala akusinthasintha, choncho funsani ku ofesi ya kazembe musanagulitse munda. Wina akakuuzani kuti ali ndi njira yachidule, gwirani chikwama chanu. Kulemba kokha kumatheka muli kwanu, pa Zoom ndi imelo, ndipo ndimalangiza aliyense kuti ayambire pamenepo.

8. Ndalama, ndi chipondamthengo

Ntchito zokhazikika za utolankhani wa country ndi zochepa ndipo zikuchepabe. Magazini ya Country Weekly, imene inkapezeka m'masitolo ambiri ku America, inasiya kusindikizidwa mu 2016. Ambiri olemba lero ndi oima paokha, amalipidwa pa nkhani iliyonse, mochedwa. Gwirizanani mtengo musanalembe. Ngati muli kunja kwa America adzakutumizirani fomu ya msonkho yotchedwa W-8BEN, idzazeni msanga chifukwa popanda iyo malipiro sayenda. Publicist woima payekha amalandira retainer, ndalama yokhazikika pamwezi, nthawi zambiri kwa miyezi itatu kapena inayi ya chimbale chimodzi. Landirani ya mwezi woyamba musanayambe.

Kwathu kuno tikudziwa za chipondamthengo, kaenvelopu ka mtolankhani pakutha pa msonkhano. Kumeneko musayerekeze, kupereka kapena kupempha. Tikiti yaulere yolowera ku zoimbaimba kuti mukalembe ndi yololedwa, ndalama ayi. Alipo masamba amene amalipiritsa oyimba kuti awalembe, ndipo aliyense m'tawunimo amawadziwa, moti kulembedwa kumeneko sikukweza munthu. Chimene chimaloledwa, ndipo chimadyetsa atolankhani ambiri, ndi kulemba bio, mbiri ya woyimba imene kampani yake imalipira. Mukalemba bio ya munthu, muuzeni mkonzi wanu, ndipo musadzalembenso zoyamikira chimbale chomwecho ngati kuti simukumudziwa. Tawuniyo ndi yaing'ono. Amene mwamunyoza lero pa Facebook mudzakhala naye tebulo limodzi pa No. 1 party mwezi wamawa, ndipo vuto lalikulu la utolankhani wa country ndi lomwelo: anthu amaopa kulemba zoona kuopa kutsekeredwa khomo. Mu 2015 mlangizi wina wa mawailesi, Keith Hill, anauza Country Aircheck kuti oyimba aakazi ali ngati tomato mu saladi, amuna ndiwo masamba ake, kutanthauza kuti asamaseweredwe kwambiri. Nkhaniyo inakula chifukwa panali atolankhani ndi oyimba amene anakana kuisiya. Mukasankha utolankhani, dziwani kuti tsiku lina mudzayenera kukwiyitsa munthu amene amakupatsani matikiti.

9. Tsiku loyamba pa red carpet

Pa red carpet, pomwe oyimba amadutsa polowa ku mwambo wa mphoto, mudzapatsidwa kamalo kopapatiza kumbuyo kwa chingwe, dzina la nyumba yanu litamatidwa pansi pa pepala. Akuluakulu a TV amakhala koyambirira, inu kumapeto, komwe oyimba amafika atatopa. Publicist amayenda patsogolo pa woyimba wake akufunsa amene akumufuna, ndipo amakupatsani mphindi ziwiri, mwina mafunso awiri. Ngati akubweretserani woyimba wamng'ono amene simukumudziwa, mulandireni bwino, chifukwa publicist yemweyo ndiye akusunga wamkulu amene mukumudikira. Konzeranitu funso limodzi la aliyense amene ali pa ndandanda, ndipo lisakhale lakuti mukumva bwanji usiku uno. Mawu akuti off the record amagwira ntchito pokhapokha mutagwirizana munthuyo asanalankhule, osati atalankhula kale. Plus one ndi chilolezo chobwera ndi mnzanu, ndipo ngati sanakupatseni musapemphe pakhomo. Valani nsapato zoti muime nazo maola anayi, idyani musanapite, jambulani mawu pa zipangizo ziwiri. Mukafika kunyumba, musanagone, lembani pa tebulo lija dzina la publicist aliyense amene mwakumana naye ndi oyimba ake, ndipo nkhani ikatuluka mutumizireni linki m'mawa womwewo.